Kutsata madzi kuchokera pa phiri la Batur: ulendo wa tsiku limodzi ku Kintamani

Penelokan ndi dzina la malo, koma m'chinenero cha ku Bali liwuli limangotanthauza poonera. Galimoto ikanyamuka ku tauni ya Ubud imayenda chokwera kwa ola limodzi kapena kupitirirapo. Imayamba yadutsa minda ya mpunga, kenaka ya malalanje ndi khofi, mphepo n'kumazizirira, mpaka msewu umafika pamene dziko limangodukiza. Mukatsika n'kusendera kukampanda, kunsi kwanu kuli chidzenje chachikulu cha makilomita pafupifupi 10 mbali ina, 13 mbali inayi. Pakati pake paima phiri la Batur, lalitali mamita 1,717, ndipo m'nthiti mwake mwayenderera chinthu chakuda bii ngati phula wotayika. Kudzanja lamanja kuli nyanja yooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Kuseri kwa nyanjayo kuli phiri la Abang, ndipo kumwamba kukayera mumaonanso nsonga ya Agung, phiri lalitali kuposa onse pachilumbachi, lopitirira mamita 3,000.

Malo amenewa ndiwo amakopa anthu kugula ulendo wa tsiku limodzi wa ku Kintamani, dera limene kuli phiri la Batur, umodzi mwa maulendo akalekale amene alendo amayenda pachilumba cha Bali, m'dziko la Indonesia. Papepala la ogulitsa maulendo zinthu zimalembedwa ngati mndandanda wa kumsika: phiri lophulika, kachisi wa madzi opatulika, minda ya mpunga, kulawa khofi, nkhomaliro. Ambiri amabwerako ndi zithunzi zokongola koma osadziwa kuti zonse anaonazi n'zolumikizana. Cholumikizacho ndi madzi. Phiri linaumba mphika, mphika ukusunga madzi, akachisi ndiwo amagawa madziwo, minda n'kumamwa. Mukamvetsa zimenezi, tsiku lonse limasanduka nkhani imodzi, yoyambira pamwamba n'kumatsetsereka.

Choyamba n'chakuti pamene mwaimapo pa Penelokan nalonso ndi phiri lophulika. Batur amene mukumuona pakatiyo ndi mwana chabe. Mwaponda pamlomo wa kholo lake. Indonesia inakhala pamalire a zidutswa zikuluzikulu za chikhungwa cha dziko. Chidutswa chonyamula Australia ndi pansi pa nyanja ya Indian chikulowa kunsi kwa chinzake chakumpoto, masentimita pafupifupi 7 pachaka. Chikafika kozama, madzi amene chinalowa nawo amapangitsa miyala yotentha ya pamwamba pake kusungunuka, ndipo yosungunukayo imafuna potulukira. N'chifukwa chake dzikoli lili ndi mapiri ophulika amoyo oposa 120, ondondozana kuyambira ku Sumatra, kudutsa Java ndi Bali, mpaka kuzilumba za kum'mawa.

Zaka pafupifupi 29,000 zapitazo, pano panali phiri lalikulu kwambiri. Linaphulika mwamphamvu mwakuti nkhokwe ya miyala yosungunuka imene inali kunsi kwake inakhuthuka, denga n'kusowa pogonera, lonse n'kugwera m'kati. Taganizirani uvuni wa njerwa umene mwaufukula pansi: suphulikanso, umangotitimira. Dzenje lotsalalo akatswiri amalitcha caldera. Patapita zaka zina masauzande angapo zinachitikanso, dzenje lachiwiri n'kubadwa m'kati mwa loyamba. Mvula inadzaza mbali yotsika, ndiyo nyanja ya Batur, yaikulu kuposa zonse ku Bali. Moto wa pansi sunazime, unangoyamba kumanga phiri latsopano pakati.

Kuyambira 1804, pamene anthu anayamba kulemba, Batur waphulika koposa ka 20, komaliza mu 2000. Chakuda chija ndi chiphalaphala chouma, ndipo chambiri mwa chimene chimaoneka kuchokera pa Penelokan chinatuluka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mu 1963 Batur ndi Agung anaphulika m'chaka chimodzi. Agung anapha anthu oposa 1,000. Komabe m'dzenjemo muli midzi. Ku Kedisan, ku Songan ndi ku Toya Bungkah anthu amalima anyezi, tomato ndi kabichi m'mphepete mwa nyanja, amaweta nsomba m'zikwere zoyandama, ndipo malole amatuta mchenga wakuda kupita nawo kokamanga. Munthu wachilendo amadzifunsa kuti bwanji osasamuka. Yankho lili m'nthaka: phulusa la phiri likawolerana limapatsa chonde chimene feteleza wa m'thumba sangafanane nacho.

Pali mudzi umodzi umene unasamuka. Mudzi wa Batur unali pansi, patsinde pa phiri, pamodzi ndi kachisi wake wamkulu. Mu 1926 chiphalaphala chinaukwirira. Anthu anathawira pamwamba, pamlomo wa dzenje, atanyamula zopatulika zimene anatha kupulumutsa, ndipo kumeneko anamanganso mudzi ndi kachisi. Kachisiyo ndi Pura Ulun Danu Batur, mphindi zochepa pagalimoto kuchokera pa Penelokan. Magalimoto ambiri a alendo amangomudutsa, pothamangira nkhomaliro. Kwa ine uku ndi kutaya mutu wa nkhani, chifukwa popanda kachisi ameneyu minda yonse mwaiona m'njira ija simungaimvetse.

Ulun Danu ndiye kuti mutu wa nyanja. Anthu ambiri a ku Bali, pafupifupi 87 mwa 100 aliwonse, ndi Ahindu, m'dziko limene ambiri ndi Asilamu, ndipo Chihindu chawo chili ndi nkhope yakeyake, mwakuti akale ankachitcha Agama Tirta, chipembedzo cha madzi opatulika. Amakhulupirira kuti mwini nyanja ya Batur ndi Dewi Danu, mulungu wamkazi, ndi kuti madzi onse othirira minda ya chigawo chapakati ndi mphatso yake. Pakati pa kachisiyo pali nsanja ya madenga 11 osanjikizana, ofoleredwa ndi ulusi wakuda wa mtengo wa kanjedza. Imeneyo ndi ya Dewi Danu. Wansembe wamkulu, Jero Gede, amasankhidwa akadali mwana n'kutumikira moyo wake wonse. Mwezi wakhumi wa kalendala yawo ukakhala wathunthu, cha mu Malichi kapena Epulo, magulu a alimi ochokera kutali amakwera ndi mpunga ndi zopereka zina, n'kutsika ndi madzi opatulika okawaza m'minda. Amene anamvako za Khulubvi ku Nsanje, kumene mafumu ankatumiza zopereka kwa Mbona popempha mvula, sangaone chachilendo kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Bali akachisi samangopempha madzi, amawagawanso.

Ngakhale njira zolozera mbali zimatsata phiri. Munthu wa ku Bali sayamba n'kunena kumpoto kapena kumwera; amati kaja, kuloza kuphiri, ndi kelod, kuloza kunyanja yamchere. Kachisi wa pabanja amamangidwa mbali ya kaja, khola ndi kudzala mbali ya kelod, ndipo pogona mutu umaloza kuphiri kapena kum'mawa. Choyera chimachokera kumtunda, ngati madzi.

Nyanja ya Batur ilibe mtsinje wotulukamo. Okhulupirira amati madzi ake amayenda m'njira za pansi n'kukatumphuka ngati akasupe kumunsi. Chimene aliyense angaone n'chakuti miyala ya mapiriwa ili ndi timabowo ngati chinkhupule, mvula yambiri ya kumtunda imalowa pansi, ndipo imakatulukira m'zigwa zakuya zoloza kumwera. Vuto la mlimi lili pomwepo: mtsinje uli pansi m'phompho, munda uli pamwamba pa mtunda. Kuti madzi afike, ayenera kupatutsidwa kumtunda kwambiri, n'kuyenda m'ngalande ndi m'mapanga okumba ndi manja, ena otalika kupitirira kilomita. Zolembedwa zakale zikusonyeza kuti amisiri okumba mapangawa analipo kale zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ntchito yotere munthu mmodzi sangaithe, ndipo apa ndi pamene panabadwira subak.

Subak ndi gulu la alimi onse amene minda yawo imamwa pa ngalande imodzi. Silitsata malire a mudzi kapena a mfumu, limatsata madzi. Pachilumba chonse, chimene kukula kwake sikufika pa boma la Lilongwe, pali magulu otere pafupifupi 1,200, lililonse la alimi kuyambira 50 mpaka 400. Amasankha okha mtsogoleri, pekaseh, amakhala ndi malamulo awo, ndipo pamsonkhano mwini munda waukulu ndi mwini kachigunda amayankhula mofanana. Wosabwera kokonza ngalande amalipa chindapusa. Wakuba madzi usiku amalipa chachikulu.

Mukapempha wokuperekezani kuti aime pambali pa munda wamba, osati wa alendo, funsani akuonetseni tembuku. Ndi kanthu kosaoneka bwino: thabwa kapena kakhoma kasimenti kopingasa m'ngalande, kosemedwa mipata. Mipata yonse ndi yozama mofanana, imangosiyana m'lifupi. Wina ndi wa zala zinayi, wina wa chikhatho chonse, malinga ndi gawo la mwini wake. Madzi akachuluka, onse amalandira ochuluka. Akachepa, onse amachepekedwa mofanana, popanda woyang'anira kuimapo ndi ndodo. Pambali pake nthawi zambiri pamakhala kansanja ka mwala, pamwamba pali kambale kolukidwa ndi tsamba la kokonati, muli maluwa a mitundu inayi, timpunga tophika ndi lubani wofuka. Kambaleko ndi canang sari, kamene mudzakaone paliponse, pakhomo pa sitolo ngakhale pa dashibodi ya galimoto. Muzipenya poponda.

Pa malo aliwonse pamene madzi agawanika pali kachisi: kakang'ono pamunda, wokulirapo pa subak, wina padamu lopatutsira, wina wa magulu onse a mtsinje umodzi, mpaka kukafika ku Ulun Danu Batur. Pamisonkhano ya m'makachisi amenewa ndi pamene alimi amapangana tsiku lowokera ndi nthawi yogoneka minda. Apa pali nzeru imene ndikufuna tiikhalire pang'ono.

Mlimi wa kumtunda ndiye amayamba kulandira madzi. Atafuna, angathe kumana wa kumunsi. Nanga n'chiyani chimamuletsa? Tizirombo. Makoswe, tizilombo toyamwa mapesi ndi matenda a mpunga sizidziwa kuti uku n'kumtunda, uku n'kumunsi. Zimangosamuka kuchoka m'munda wokololedwa kulowa m'munda wobiriwira. Njira yozigonjetsera n'kukolola dera lalikulu nthawi imodzi, kenaka kumiza ziputu m'madzi kwa milungu ingapo kuti zisowe chakudya. Koma dera lonse likawokera tsiku limodzi, onse afuna madzi ambiri nthawi imodzi, mtsinje sukwanira. Choncho pafunika kupeza pakati: magawo akulu mokwanira kupha tizirombo ndi njala, koma osiyana masiku mokwanira kuti madzi afikire onse. Wa kumtunda amapereka madzi kuti wa kumunsi avomere kutsata kalendala. Wa kumunsi amatsata kalendala kuti alandire madzi. Aliyense wagwira mnzake pamkono, ndipo pangano amalimangira pamaso pa milungu.

Kuti izi si mwambo wongokometsera zinadziwika pamene zinasiyidwa. M'zaka za m'ma 1970 boma la Indonesia, pofuna kuti dziko lizidzidyetsa, linabweretsa mbewu zocha msanga zochokera ku bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines, pamodzi ndi feteleza ndi mankhwala a ngongole. Alimi analangizidwa kubzala mwamsanga mmene angathere, katatu pachaka, osadikira za kukachisi. Zokolola zinakwera poyamba. Koma popeza tsopano nthawi iliyonse penapake panali mpunga wobiriwira, tizirombo sitinagonenso ndi njala. Kachilombo kofiirira koyamwa mapesi kanasakaza minda, atabweretsa mbewu yopirira kunabuka matenda a tungro, ndipo mankhwala anapha akangaude ndi zina zimene zinkadya tizilomboto. Madzi nawo anayamba kusowa mosadziwika bwino. Mu 1986 pulezidenti wa dzikolo, Suharto, analetsa mitundu 57 ya mankhwala ophera tizilombo mu mpunga. Cha nthawi yomweyo katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, J. Stephen Lansing, ndi mnzake James Kremer anaika pa kompyuta magulu 172 a subak a m'mitsinje ya Oos ndi Petanu, n'kuyesa makalendala osiyanasiyana. Imene inapereka zokolola zabwino inali yofanana kwambiri ndi imene akachisi ankatsata kale. Iwo anapezanso kuti madzi othirirawo amabwera atasungunula kale mchere wina wofunika ku mpunga kuchokera m'miyala ya phiri, kotero gawo lina la feteleza amene alimi ankagula linkangokokoloka kupita kunyanja. Mu 2012 bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, UNESCO, linaika subak pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, kuphatikizapo nyanja ya Batur ndi kachisi wake. Madzi saiwala khwawa.

Potsika kuchokera ku Kintamani kulowera ku Tampaksiring mumafika pa kachisi wa Tirta Empul, kumene madzi a pansi aja amaonekera ndi maso. Kachisiyu ndi wa cha m'ma 962, nthawi ya mafumu a banja la Warmadewa. Nthano yake imati mfumu yoipa Mayadenawa inathira poizoni m'madzi n'kupha asilikali a mulungu Indra, ndipo Indra anabaya nthaka, kasupe n'kutumphuka, asilikali n'kutsitsimuka. M'bwalo la m'kati muli dziwe lotchingidwa limene munthu salowamo. Madzi ake ndi oyera mbee, ndipo pansi mchenga wakuda umangobwadamuka ngati phala likuwira, osaleka. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pena paliponse tsiku limenelo. Kuchoka apo madziwo amatulukira m'mipope ya mwala kugwera m'maiwe osambiramo, kenaka amakhala mtsinje wa Pakerisan, n'kukalowa m'minda.

Kusambako kumatchedwa melukat, kudziyeretsa. Munthu amayamba wapereka canang n'kupemphera, amalowa m'madzi ofika m'chiuno, ozizira mpaka m'mafupa, n'kumayenda kuchokera kumanzere, mpope ndi mpope: manja pamodzi, kusukusula kumaso, kuweramitsa mutu pansi pa madzi. Mipope ina amailumpha chifukwa madzi ake ndi a miyambo ya maliro. Ndinaona bambo wina atanyamula kamwana, akukathira madzi pamutu ndi chikhatho pang'onopang'ono, kamwanako kakutsinzina koma osalira, kumbuyo kwawo kuli mzere wa alendo, ena akungoyang'ana kumene kuli kamera. Alendo saletsedwa kulowa, koma ndikuona kuti munthu ayenera kudzifunsa kaye chimene akulowera. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani, palibe amene angakukakamizeni. Kuima pambali mwaulemu n'kokwanira. Chofunika kwa aliyense, mwamuna kapena mkazi, ndi kumanga nsalu yonga chitenje yofika kumapazi ndi lamba wansalu m'chiuno, ndipo amabwereketsa pakhomo. Amayi amene ali kumwezi amapemphedwa kusalowa. Osaima pamalo okwera kuposa wansembe, osadutsa kutsogolo kwa opemphera. Pamwamba pa phiri loyang'anizana ndi kachisiyu pali nyumba ya boma imene Sukarno, pulezidenti woyamba wa Indonesia, anayamba kumanga mu 1957. Mayi ake anali a ku Bali.

Za khofi ndinene mwachidule. Ku Kintamani amalima khofi wabwino wa mtundu wa arabica, pakati pa mitengo ya malalanje, ndipo mu 2008 khofiyu anakhala mbewu yoyamba ku Indonesia kutetezedwa dzina potengera dera. Ameneyo gulani. Koma malo ambiri olawitsa a m'mbali mwa msewu amakokera alendo ku kopi luwak, khofi wotoledwa m'ndowe za kanyama konga fungwe. Kale ankatola m'tchire. Lero tinyama tambiri timasungidwa m'zikwere zothina, tikudyetsedwa zipatso za khofi mopitirira muyeso, pamene mwachibadwa timayenda usiku n'kumadya zosiyanasiyana. Ine sindingalipire kapu imeneyo. Minda yamakwerero ya Tegalalang, imene ili pa zithunzi zonse, ndi yokongoladi, koma ndi kachigwa kakang'ono kodzaza malo odyera ndi akatungwe ojambulitsirapo. Theka la ola likukwana.

Kayendedwe ka tsikuli n'kofunika kukambirana musanakwere galimoto. Maulendo ambiri amayamba kumunsi: gule wa Barong ku Batubulan, osula siliva ku Celuk, osema ziboliboli ku Mas, n'kukafika pa Penelokan masana. Koma masana ndi pamene nkhungu imakonda kukwera n'kuphimba dzenje lonse, munthu n'kudya nkhomaliro yodula akuyang'ana utsi woyera. Chifukwa china cha ndondomeko imeneyi n'chakuti madalaivala ambiri amalandira kangachepe kuchokera m'masitolo ndi m'malesitilanti amene afikitsako alendo. Si kuba, ndi mmene ambiri amakwaniritsira malipiro ochepa, koma ndi bwino kupangana poyera: mulipire mtengo wokwanira wa tsiku, inu musankhe poima. Nyamukani m'mamawa, mukafike pamwamba dzuwa lisanakwere, muyambe ndi phiri, nyumba yosungira mbiri ya miyala ya Batur imene ili pomwepo pa Penelokan, ndi Ulun Danu, kenaka muzitsika ndi madzi. Tengani juzi, chifukwa malowa ndi okwera pafupifupi mamita 1,500. Funsaninso ngati wokutenganiyo ndi dalaivala chabe kapena wolondolera alendo wophunzira ntchitoyo. Woyamba amakusiyani pageti, wachiwiri amalowa nanu n'kukuuzani mpope woyenera kulumpha.

Nyengo yake siyovuta kwa ife kuikumbukira, pakuti Bali nayenso ali kumwera kwa equator: mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, chilimwe ndi Epulo mpaka Okutobala. Pa tsiku la Nyepi, chaka chatsopano chawo chimene chimagwa nthawi zambiri mu Malichi, palibe galimoto imayenda, ngakhale bwalo la ndege limatsekedwa. Kuyambira pa 14 Febuluwale 2024 mlendo aliyense wakunja amalipira msonkho wa ma rupiah (ndalama za ku Indonesia) 150,000 polowa pachilumbachi. Ku Trunyan, mudzi wa kutsidya kwa nyanja kumene maliro samakwiriridwa koma amagonekedwa pansi pa mtengo waukulu wa taru menyan, sikokwanira m'tsiku lomweli, ndipo manda a eni ake si malo opitako mothamanga.

Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, malizani ndi Gunung Kawi, pafupi kwambiri ndi Tirta Empul. Mumatsika masitepe pafupifupi 300 pakati pa minda ya mpunga mpaka pansi pa chigwa cha Pakerisan. Kumeneko, m'makoma a thanthwe mbali zonse ziwiri za mtsinje, munasemedwa zipilala 10, chilichonse chotalika mamita pafupifupi 7, za m'zaka za m'ma 1000, zimene amati n'zokumbukira mfumu Anak Wungsu ndi a pabanja pake. Thanthwelo ndi phulusa la mapiri ophulika lomwe linaumbana n'kulimba, lofewa mokwanira kusemeka. Kutsogolo kwa zipilalazo kuli ngalande yosemedwa m'mwala momwemo, ndipo madzi akuyendamobe mpaka lero, kugwera m'timipope, kulowa mumtsinje. Pokwera pobwerera mumapuma kawirikawiri, ndipo mukapumira pambali pa munda madzulo otere mungapeze mlimi ataweramira pa tembuku yake, chikwakwa chili m'chiuno, akuchotsa masamba ndi timapepala ta pulasitiki tomwe tatseka mpata.